A Mbewe Anakwera Ndege Okha

Ndinadandaula koyamba Lachitatu la sabata yoyandikira Khirisimasi, pakamwa, pa tebulo la madandaulo m'sitolo yaikulu ya kufupi ndi Madaraka, mumzinda wa Nairobi. Tsiku limenelo thupi la mnzanga a Mbewe linali m'nyumba yachisoni. Masana a tsiku lomwelo ndinadandaulanso pa foni, ndipo nambala ya dandaulo imene anandipatsa ndinailemba kuseri kwa lisiti. Nyuwere itapita ndinalemba kalata n'kukaipereka ndekha ku banki, wa pakhomo n'kundidindira kope langa. Chiyambire pamenepo ndalemba kambirimbiri. Makope onse ali m'sutikesi kunsi kwa bedi kuno ku Dedza, pamodzi ndi malisiti a zaka zonse zimene ndinakhala ku Nairobi. Yankho sindinalandirepo.

Ku Kenya ndinapita ndili dalaivala. Bungwe la zaumoyo limene ndinkagwirako ntchito ku Lilongwe linasamutsa bwana wanga, iye n'kupempha kuti ndipite naye. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndi zaka ziwiri zokha, tikhome malata basi. Bwanayo anadzabwerera kwawo, kunabwera wina, n'kubweranso wina, ine ndili pompo ngati mpando wa mu ofesi. Ndinkachita lendi kachipinda ku Rongai chifukwa n'kumene ndalama yanga inkakwana. M'mawa uliwonse ndinkaima pamzere wa maminibasi amene kumeneko amati matatu, nyimbo zili phokoso ngati za pa ukwati, msewu utadzaza mpaka munthu n'kugona n'kudzuka galimoto ili pamalo omwewo. Ntchito yanga inali yopititsa mankhwala ku kachipatala ka bungwe ku Kibera. Galimoto inkathera panjira, makatoni otsalawo n'kumawanyamula paphewa, kudumpha ngalande. Ndalama ndinkatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Malata anakhomedwa, ana anaphunzira, ine ndikuwaona kamodzi pachaka, chaka china osawaona n'komwe.

A Mbewe ndinakumana nawo ku tchalitchi. Anali ophika pa nyumba ya alendo ya mpingo ku Madaraka, munthu wamfupi, wamimba, woseka ndi thupi lonse. Titafunsana za kumudzi tinapeza kuti midzi yathu yangolekana ndi mtsinje wa Linthipe. Tsiku limene anandiona ndikupinda lisiti la buledi n'kuliika m'thumba la malaya anaseka mpaka misozi.

"Kodi achimwene, limenelo mukalionetsa kwa Petulo Woyera?"

Chiyambire tsiku limenelo ankanditchula kuti a Malisiti. Loweruka ndinkapita kukhitchini kwawo, iwo n'kundipakulira zotsala za alendo, tikuyankhula Chichewa mpaka pakamwa kupepuka.

Amalawi a ku Nairobi tinali ndi gulu lathu, ndipo tinkakumana Lamulungu limodzi pamwezi tikaweruka ku mapemphero. Ambiri anali anthu ophunzira a m'mabungwe akuluakulu, obwera n'kusamutsidwa pakapita zaka zochepa. Okhalitsa tinali ife a ntchito zamanja. Vuto lalikulu la gululo linali maliro. Munthu akamwalira, owalemba ntchito ankalipira ndege yonyamula thupi, koma tikiti ya woperekeza inali yathu. Ndipo kwathu maliro sayenda okha. Pamafunika munthu wokawatula kwa eni ake, wokhala pansi n'kufotokoza mmene matenda anayambira, amene anali pambali, mawu amene malemu anasiya. Popanda munthu ameneyo, achibale amadzilembera okha nkhani m'mitima mwawo. Choncho imfa iliyonse inali chipwirikiti: mafoni, kupemphana, kukwiyirana, wina wapereka zochepa, wina wazimitsa foni.

Tsiku lina tikugula zinthu ndi a Mbewe m'sitolo ija, mtsikana wa yunifomu anatiimitsa pakhomo. Anali ndi timapepala tiwiri.

"Mzee, unataka gani?" Ankandifunsa kuti ndikufuna iti.

Khadi yoyamba inali ya sitolo yokha. Ukagula pamenepo amakuchotserako pang'ono pa mtengo, ndipo mapointi ake umagulira katundu pomwepo, tsiku lililonse limene wafuna. Banki inalibepo gawo. Khadi yachiwiri inali ndi dzina la sitolo yomweyo, koma ya ngongole, yopangidwa mogwirizana ndi banki. Unkagulira paliponse, n'kubweza pakutha pa mwezi, ndipo mapointi ake anali ochuluka. Pa kapepala kake anajambulapo ndege, n'kulemba kuti mapointiwo ungawasandutse tikiti yopita kulikonse, nthawi iliyonse.

Ine sindine munthu wongomeza. Ndinavala magalasi n'kuwerenga mbali zonse ziwiri. Kenako ndinamufunsa mtsikanayo kuti, nanga nditafuna kukwera mawa?

"Hata kesho, mzee," anatero. Ngakhale mawa.

Timapepalato ndinapita nato ku msonkhano wa gulu. Maganizo anga anali akuti tonse tizigula zofunika za pamwezi kudzera pa khadi imodzi, mapointi aziunjikana, akhale tikiti ya woperekeza maliro. Wapampando wathu nthawi imeneyo anali mayi Chirwa, owerengera chuma ku bungwe lina lalikulu. Anatulutsa foni n'kuwerengetsera, n'kunena kuti tikagula tonse mokhulupirika, tikiti ituluka. Anthu anaomba m'manja. Amene anakana anali a Mbewe okha.

"Ine ndine wophika," anatero ataimirira. "Chinthu chimene sindingachiike mu poto sindichikhulupirira. Tengani ya sitoloyo. Munthu akamwalira tikatenge mpunga, shuga, masamba a tiyi, anthu adye pa siwa. Tikiti tizisonkha monga kale."

"A Mbewe, inu mukungoganiza za m'mimba," anatero wina kumbuyo.

"Eee, mimbayi sinandinamizepo. Fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo."

Anthu anaseka, manja anakwera, khadi ya ndege inapambana. Kenako panabuka funso loti ikhala m'dzina la ndani, popeza gulu lathu silinali lolembetsedwa ndipo banki inkafuna munthu mmodzi wokhala ndi pepala la malipiro ndi chilolezo chogwirira ntchito. Mabwana aja anati iwo akhoza kusamutsidwa tsiku lililonse. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinavomera, ndipo sindibisa kuti ndinamva kulemekezedwa. Potuluka a Mbewe anandigwira paphewa.

"Chabwino, a Malisiti, mwandigonjetsa. Koma ndikafa ine mukakhale pawindo, muzindiuza kuti tafika pati."

Ntchito imene ndinagwira pa khadi imeneyo palibe anandilipirapo, ndipo sindinapemphe. Lachisanu anthu ankanditumizira pa foni zimene akufuna ndi ndalama zake. Loweruka ndinkalawira ku Rongai, a Mbewe n'kundidikira pakhomo la sitolo. Tinkakankha ngolo zodzaza: mafuta ophikira a banja ili, sopo wa banja ilo, matewera a ana a anthu amene mwina sankadziwa n'komwe dzina langa lenileni. A Mbewe ankakangana ndi aliyense wa m'sitolomo m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, kufinya mapeyala, kununkhiza nsomba. Tikamaliza tinkagawa katundu nyumba ndi nyumba, ine n'kubwerera ku Rongai msana uli moto. Lolemba ndinkabweza ngongole yonse ku banki. Sindinachedwepo. Mapepala alipo.

Mapointi anakula. Pamsonkhano uliwonse ndinkaimirira n'kuwerenga pamene afika. Patapita nthawi gulu linagwirizana kuti chopereka cha mwezi ndi mwezi chimene tinali titayamba kusonkhera tikiti chithe, popeza tikiti tinali nayo kale. A Mbewe omwe anafewa. Ndinkawamva akuimbira mkazi wawo, a Nachisale, kumudzi: "Usade nkhawa iwe, kuno tili ndi ndege yathu. Ili m'thumba mwa a Malisiti." Zaka zingapo zinadutsa osamwalira munthu, tonse n'kumati Mulungu watikomera mtima.

Ndiye inafika Disembala ija. Anthu opita kumudzi kukadya Khirisimasi ananditumizira zofuna zawo zambirimbiri: nsalu, nsapato za ana, masamba a tiyi, mapoto. Ambiri anati ndalama atumiza malipiro akalowa. Ndinawagulira, pakuti anali anthu aulemu wawo, ndipo khadi inadzaza mpaka pamalire pamene banki inandiikira. Iwo anakwera ndege n'kumapita. Mayi Chirwa n'kuti atasamutsidwa kalekale kupita dziko lina, ndipo wapampando watsopano anali m'gulu la opita ku tchuthi.

Lolemba m'mawa a Mbewe anagwa akukanda ufa wa chapati. Anamwalira asanafike ku chipatala. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi.

Mpingo unalipira zonyamula thupi, ndipo ndege inapezeka ya Lachisanu. Amalawi ochepa amene tinatsala mu Nairobi tinasonkha zimene tinali nazo, zonse n'kuthera ku nyumba yachisoni ndi bokosi la chitsulo m'kati limene a ndege amafuna. Za woperekeza palibe anada nazo nkhawa. Aliyense ankadziwa kuti ndine, ndipo tikiti ilipo.

Lachitatu ndinapita ku sitolo kukapempha tikitiyo, n'kupeza mnyamata wa tayi pa tebulo la madandaulo. Anandimvetsera bwinobwino.

"Pole sana, mzee. Sisi ni duka tu." Akuti iwo ndi sitolo chabe, ndipite ku banki.

"Dzina lili pa khadiyi ndi la ndani?" ndinamufunsa. "Amene anandiimitsa pakhomo paja anavala yunifomu ya ndani?"

Anangobwereza kuti pepani. Ku banki anati za mapointi sizichitikira pa kauntala, ndiimbe foni. Ndinaimba nditaima panja, dzuwa lili pamutu. Wondiyankha anali waulemu kwambiri. Anati mapointi alipo, ndi okwanira, mpaka kutsalako. Mtima unakhala pansi. Kenako anafunsa tsiku la ulendo.

"Lachisanu lino."

Ndinamva akugogoda pa makina. Anati mipando ya mapointi imakhala yochepa m'ndege iliyonse, imafunika kusungitsa kukadali masabata angapo, ndipo ya Disembala yonse inatha kale. Woyamba kupezeka unali wa mu Febuluwale.

"Bambo," ndinatero, "munthu wamwalira dzana. Kodi kwanu kuno anthu amasungitsa tsiku lofera?"

Anati akumvetsa, koma ndi malamulo, ndipo analembedwa. Ndinamuuza kuti kapepala kali m'manja mwangamu, kakuti nthawi iliyonse. Anati ndione pansi penipeni. Pansipo pali mzere umodzi wa timalemba tating'ono, wonena kuti pali malamulo ena. Malamulo enawo sanandipatse tsiku limene ndinasaina, ndipo ndikanapatsidwa bwenzi ndili nawo.

Ndinayesa kugula tikiti pa ngongole, khadi inakana chifukwa inali yodzaza ndi nsapato za ana a eni. Ndinaimbira amene anali kumudzi. Ena mafoni sankalowa, ena anati mawa, ena anati, "Si mapointi aja alipo, madala?" Mtengo wa tikiti ya Khirisimasi unali woposa malipiro anga a mwezi.

Lachisanu ndinaperekeza a Mbewe mpaka pa geti la katundu ku bwalo la ndege. Kupitirira pamenepo sanandilole. Ndinaona bokosi likunyamulidwa ndi kagalimoto ka mafoloko, kudutsa pakati pa makatoni a maluwa, mpaka linakhota. Munthu amene sankatha kudya yekha, amene ankaitana ngakhale mlonda kuti adzalawe msuzi, anapita choncho.

Ine ndinakwera basi. Namanga, Arusha, Iringa, Mbeya, mpaka pa Songwe, sutikesi ya a Mbewe ili pamiyendo chifukwa ndinkaopa kuti ingasowe. M'menemo munali zovala, Baibulo ndi mipeni yawo ya kukhitchini. Mapazi anatupa mpaka ndinavula nsapato. Pamene ndinkafika kumudzi kwawo n'kuti ataika kale, anthu atabalalika, pabwalo patangotsala phulusa ndi mafuwa.

Anandilandira ndi achimwene awo aakulu a malemu, a Yohane. Mpando anandipatsa, madzi sanandipatse.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera, bambo. Pepani ndi zovutazi."

"Mukudziwa kumene tinakamutenga m'bale wathu? Kumene amatengera matayala. Ndinasaina ine pepala ngati ndikulandira injini ya chigayo. Anthu akundifunsa kuti wafa bwanji, ine ndiyankhe chiyani? Ena akuti anamuthira mankhwala m'chakudya. Ena akuti anaphedwa ndi achifwamba, n'chifukwa chake bokosi analimata. Inu muli kuti?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa ufa wa chapati mpaka pa foni ija. Ndinatulutsa mapepala. A Yohane sanawagwire n'komwe.

"Mapointi ndi chiyani? Ndi ndalama kapena si ndalama?"

"Ndi ngati ndalama, koma..."

"Anthu anasonkha kapena sanasonkhe?"

"Ankagula zinthu, ndiye..."

"Zinali m'dzina la ndani?"

"Langa."

"Basi."

A Nachisale anali atakhala pamphasa pakhonde, mutu atafunda chitenje. Sanakweze mawu. Ndinawapatsa sutikesi, iwo n'kuiika pambali osatsegula.

"Iwo ankati ndege ilipo," anatero. "Ankati muli nayo inu."

Nditabwerera ku Nairobi ndinapeza tsiku lobweza ngongole litadutsa, chiwongoladzanja chitayamba kuyenda. A nsapato aja ena anabweza mu Januwale, ena pang'onopang'ono, ena mpaka lero. Ndinalipira ndi malipiro anga, kumudzi osatumiza kanthu miyezi ingapo, mkazi wanga n'kugulitsa mbuzi kuti agule feteleza. Kenako kunabwera uthenga wa banki woti chifukwa chochedwa kubweza, mapointi awaimitsa kaye. Ngongole nditaimaliza ndinalemba kuti awamasule. Anati nkhaniyo ikuunikidwa. Gulu linasiya kugula kudzera mwa ine. Loweruka ndinkangokhala m'kachipinda kanga ku Rongai, kumvetsera wailesi ya oyandikana nawo. Ku Madaraka sindinkapitako, kukhitchini kuja kunali kutalowa munthu wina.

Zaka zanga zopumira ntchito zitakwana, chilolezo chinatha, ndipo banki inatseka khadi popeza sindinalinso wololedwa kugwira ntchito m'dzikomo. Mapointi anazimiririka pamodzi ndi khadiyo, ndipo nditafunsa, akuti ndidzalandira kalata. Pepala lomaliza limene ndili nalo likusonyeza kuti mapointi onse alipo, m'dzina langa. Lonena kumene anapita silinabwere. Ndiye taonani: ine wosunga pepala lililonse, pepala langa lomwe ndi limene likunditsutsa.

Pa gulu la pa foni la Amalawi, achinyamata obwera kumene, amene a Mbewe sanawaonepo, anayamba kulemba. Wina anati pakufunika "accountability", kuti ndifotokoze kumene chuma chinapita. Wina analemba kuti madala aja akwera ndege ya mapointi athu popita kwawo. Tikiti yanga yobwerera inalipiridwa ndi bungwe limene ndinaligwirira ntchito, ndipo chiphaso chake ndinachijambula n'kutumiza pagulupo. Palibe anayankha. Mawa lake anandichotsa, akuti gululo ndi la okhala ku Nairobi.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata imene ndinaimanga ndili kutali, ndi ana akuluakulu ondipatsa moni ngati mlendo wochokera ku boma. Zimenezo ndinkaziyembekezera, aliyense wokhalitsa kunja amazipeza. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti nkhani inali itawoloka kale Linthipe. Ku tchalitchi dzina langa linatchulidwa pa komiti yomanga, mkulu wina n'kunong'oneza m'busa, dzinalo n'kuzimiririka. Pamsika anyamata a kabaza amakuwa kuti, "A Mapointi, tikufikitseni ku eyapoti?" Mkazi wanga ndi a Nachisale anali a gulu limodzi la amayi, ankayendera limodzi odwala. Tsopano mkazi wanga akalowa, iwo amasuntha mphasa.

Tsiku lina tikutonola chimanga, mkazi wanga anaima n'kundiyang'ana.

"Bambo a Chikondi, pano palibe wina. Ndiuzeni ine ndekha. Munadya?"

Mkazi amene anagulitsa mbuzi zake chifukwa cha ngongole ya anthu ena. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi mpaka nkhuku zinalowa.

Tikakolola chaka chino, a kwa Mbewe amanga chiliza. Abale onse adzasonkhana, a ku Lilongwe ndi a ku Joni omwe. Ndinatuma mkulu wa mpingo kukapempha kuti tsiku limenelo ndidzapatsidwe mpata woyankhula, ndidzatule maliro a mnzanga monga ndinayenera kuchitira. A Yohane anayankha kuti alola, koma ndibwere ndi kalata ya eni ake a khadi, yachidindo, yonena kumene chumacho chinapita. Akuti mapepala a m'sutikesi mwanga ndi osunga ndekha, munthu sadziweruza mlandu. Popanda kalatayo ndisapondeko. Chimanga chayamba kale kuuma m'munda, ndipo maso angawa sakuonanso bwino timalemba.

Choncho ndikupempha akuluakulu a sitolo ndi a banki, amene mwana wanga Chikondi awatumizire mawu ano atawamasulira m'Chingerezi. Tikiti sindikuifunanso, woti ndimuperekeze anapita kale. Chiwongoladzanja chimene ndinalipira khalani nacho. Ndikupempha kalata imodzi, pa pepala la dzina lanu, yosainidwa ndi munthu wotchula udindo wake ndiponso yodindidwa, yonena zinthu zitatu: kuti ndinapempha tikiti sabata imene a Mbewe anamwalira ndipo munandikaniza, kuti mapointiwo sindinagulirepo kanthu ngakhale kamodzi, ndi kuti munawafafaniza ndinu. Musanditumize kwa anzanu, konseko ndinafikako kale. Mundiyankhe mwezi wa Juni usanathe.